Fupa Lokakamiza ndi Anansi a Kumpoto

Fupa lokakamiza limaswa mphika. Makolo athu ankanena mwambi umenewu pa milandu ya ukwati ndi ya ufumu, koma ine ndikaulingalira masiku ano, maganizo amandithawira kutali, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, kumene kuli mayiko asanu oyandikana: Denmark, Norway, Sweden, Finland ndi Iceland. Achinyamata amawadziwa mayikowa monga kwawo kwa mtendere, kochokera mabungwe othandiza ndi mphoto ya Nobel. Ena amayesa kuti anthu a kumeneko adabadwa ofatsa. Ayi, ana anga. Pa dziko lapansi ndi ochepa anansi amene adakhetsana mwazi kawirikawiri monga a ku Denmark ndi a ku Sweden. Mtendere tikuuona lerowu ndi wochita kuphunzira, ndipo adauphunzira mochedwa, ataswa kale miphika ingapo.

Tiyambe ndi nthaka, pakuti mafumu amafa koma phiri limatsala pomwe lidali. Norway ndi Sweden adatsamirana msana pa chigawo chimodzi chachitali cha mtunda, ndipo pakati pawo padutsa mtandadza wa mapiri. Malire awo ndi otalika makilomita oposa 1,600. Kumadzulo kwa mapiriwo kuli Norway, dziko lopyapyala ndi lamiyala, limene nyanja yamchere idalidyadya mpaka kulowa m'kati mwa mapiri. Malo olimika ndi magawo atatu okha pa 100 alionse, choncho munthu wa kumeneko munda wake udali nyanja: nsomba, matabwa ndi zombo. Kum'mawa kuli Sweden wa nkhalango, migodi ya chitsulo ndi mkuwa, ndi zigwa zachonde kumwera. Abale awiriwa amamvana polankhula popanda womasulira, koma adakula wina atapenya kolowera dzuwa, ku Britain ndi ku nyanja yaikulu, mnzake atapenya ku nyanja ya Baltic, ku Germany ndi ku Russia.

Denmark ndiye wamng'ono, wathyathyathya, wopanda ndi phiri lomwe lofika mamita 200, koma adakhala pakhomo. Zombo zambiri zotuluka mu Baltic zimadzera m'mipata ya pakati pa zilumba zake, ndipo mpata wa Øresund, pamene wapanikizika kwambiri pakati pa Helsingør ndi Helsingborg, ndi wa makilomita 4 okha. Kuyambira 1429 mpaka 1857 mafumu a Denmark ankakhometsa msonkho zombo zachilendo zodutsa pamenepo, mizinga italoza pamadzi. Finland ali kutsidya kwa Baltic, dziko la nkhalango ndi nyanja zing'onozing'ono zikwizikwi, la chinenero chosiyana kotheratu ndi cha anzakewo. Kum'mawa kwake kuli malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia, opanda phiri lotchinga. Iceland ali yekhayekha pakati pa Atlantic, chilumba cha mapiri olavula moto.

Pali chinanso chimene mapu saonetsa. Madzi ofunda ochokera kutali ku Gulf of Mexico amayenda m'nyanja ya Atlantic n'kudzakhudza gombe la Norway, kotero madoko ake saundana ngakhale kumpoto kumene dzuwa limatha milungu osatuluka. Pomwe kumpoto kwa Baltic madzi amauma gwa miyezi ingapo chaka ndi chaka. Taonani tsono zimene zidachitika ndi chitsulo cha ku Kiruna. Mgodi uli ku Sweden, koma doko la Sweden la Luleå linkatsekeka ndi madzi oundana nyengo yozizira ikafika. Adachita kuyala njanji yokwera mapiri kukatsikira ku Narvik, doko la Norway, n'kuitsegulira mu 1903, ndipo mpaka lero sitima zazitali zodzaza miyala ya chitsulo zimatsetsereka kumeneko usana ndi usiku. Ife amene katundu wathu amadzera ku Nacala, ku Beira ndi ku Dar es Salaam tikudziwa mmene zimakhalira chuma chili m'nyumba mwako, khomo lili kwa mnzako.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo mayi wina wanzeru, Mfumukazi Margaret, adaziona zimenezi. Mu 1397, mumzinda wa Kalmar, adasonkhanitsa maufumu atatu a Denmark, Norway ndi Sweden pansi pa mfumu imodzi, kuti alimbane ndi amalonda amphamvu a ku Germany amene adagwira malonda a mu Baltic. Nzeruyo idali yabwino. Koma denga limasenzeka mitu yonse ikavomera. Mpando udali ku Denmark, akapitawo ambiri otolera msonkho adali alendo, ndipo a ku Sweden ankangoukira. Mu 1520 Mfumu Christian II idalowa mu Stockholm italonjeza kukhululukira onse amene adaiukira. Mwezi wa Novembala idakonza phwando la kulongedwa ufumu, akuluakulu a dziko n'kubwera atatchena. Atadya ndi kumwa masiku atatu, zitseko zidatsekedwa. Anthu oposa 80, mabishopu awiri ali momwemo, adaphedwa pabwalo la pakati pa mzinda. Mfumuyo idayesa kuti yathana nazo. Koma mlandu suola. Mmodzi mwa ophedwawo adasiya mwana wamwamuna, Gustav Vasa, amene adathawira kwa alimi ndi okumba migodi a ku Dalarna, ndipo pa 6 Juni 1523 adasankhidwa kukhala mfumu ya Sweden. Mgwirizano wa Kalmar udathera pomwepo, ndipo tsiku limenelo ndilo a ku Sweden amasunga monga tsiku la dziko lawo.

Zidatsatira ndi zaka pafupifupi 300 za nkhondo zobwerezabwereza, Norway ali m'manja mwa Denmark, akulamulidwa kuchokera ku Copenhagen. Nditchulako ziwiri zokha. Mu 1658 kudazizira mpaka nyanja ya pakati pa zilumba za Denmark idaundana, ndipo Mfumu Charles X Gustav ya Sweden idayendetsa asilikali, akavalo ndi mizinga pamwamba pa madziwo. Madzi amene adali linga la Denmark adasanduka msewu wa mdani. Pa pangano la Roskilde Denmark adaluza Skåne ndi Blekinge, n'kutayiratu Halland, ndiye kuti mtunda wonse wa kutsidya kwa Øresund umene udali wake kuyambira makedzana. Norway adaluza Bohuslän. Patapita zaka 60, mu 1718, Mfumu Charles XII idaomberedwa ikuzinga linga la Fredriksten ku Norway. Gulu lina la asilikali ake, limene lidali cha ku Trondheim, lidauyamba wobwerera kwawo kudzera m'mapiri m'masiku oyamba a 1719, ndipo namondwe wa chipale adawapeza pamtetete. Amuna pafupifupi 3,000 adauma ndi chisanu m'mapirimo. Ambiri a iwo adali anyamata a ku Finland, ofera mkangano wa mafumu m'mapiri achilendo. Timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Pa nkhondo zimatembenuka: amadya ndi akulu, opotedwa ndi ana.

Nthawi ya Napoleon idasokoneza zonse. Mu 1809 Russia adalanda Finland, amene adakhala mbali ya ufumu wa Sweden zaka zoposa 600, ndipo malire atsopano a kumpoto adawalemba potsata mtsinje wa Torne. Pofuna chopukutira misozi, Sweden adatembenukira kumadzulo. Popeza Denmark adali kumbali ya Napoleon wogonjayo, pangano la Kiel la Januwale 1814 lidamulanda Norway n'kumupereka kwa mfumu ya Sweden. Eni dziko sadafunsidwe. Dziko lathunthu kuperekedwa ngati mbuzi ya chindapusa! Iceland, Greenland ndi zilumba za Faroe, zimene kale zidali za ufumu wa Norway, zidatsalira Denmark.

A ku Norway sadagone tulo. Amuna 112 adasonkhana ku Eidsvoll n'kulemba malamulo oyendetsera dziko lawo, amene amawakumbukira pa 17 Meyi chaka chilichonse. Sweden adatumiza asilikali, nkhondo sidathe ndi milungu itatu yomwe, ndipo ku Moss adapangana kuti Norway avomere mfumu ya Sweden koma asunge malamulo ake ndi nyumba yake ya malamulo, Storting. Imeneyo, ya mu 1814, ndiyo nkhondo yomaliza imene Sweden adamenyana ndi dziko lina mpaka lero.

Kukhalira limodzi kwachiwiriku kudatha zaka pafupifupi 91. Kudalibe nkhanza za ku Stockholm zija, koma fupa lidali lomwe lija. Mfumu inkakhala ku Sweden, ndipo nkhani zonse zakunja zinkadzera kwa nduna ya Sweden. Apo n'kuti zombo zamalonda za Norway zili m'gulu la zochuluka kwambiri pa dziko lonse. Woyendetsa chombo wa ku Bergen akapeza vuto padoko lakutali ankakagogoda pa ofesi ya kazembe womvera Stockholm. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: Norway adapempha akazembe akeake kwa zaka zambiri, osaphula kanthu. Mu Meyi 1905 Storting idakhazikitsa lamulo la akazembewo, Mfumu Oscar II idakana kulisaina, nduna zonse za Norway motsogozedwa ndi Christian Michelsen zidatula pansi maudindo, ndipo mfumu idasowa ena oti apange boma. Pa 7 Juni Storting idalengeza kuti popeza mfumu yalephera kulipatsa dziko boma, yaleka kukhala mfumu ya Norway, ndipo mgwirizano watha.

Apa ndiye tikhale pansi pang'ono. Sweden adali ndi anthu ochuluka kuposa kawiri a Norway, asilikali ambiri ndi zombo zankhondo zambiri. Ku Stockholm kudali akuluakulu amene mitima idawawawa, ati mfumu yanyozedwa. Asilikali a mbali zonse adasendera kumalire. Aliyense wodziwa za 1520 ndi 1718 akadati mawa kugwa mitembo. Koma Sweden adati, tiyambe tamva eni ake. Pa 13 Ogasiti adaponya voti: 368,208 adati mgwirizano uthe, 184 okha adati upitirire. Amayi sankaloledwa kuvota masiku amenewo, koma adayenda khomo ndi khomo, m'midzi ya m'mapiri ndi m'zilumba, n'kusonkhanitsa mayina osainidwa oposa 240,000. Ndipo ku Sweden komweko anthu apantchito, motsogozedwa ndi Hjalmar Branting ndi anzake, adanena poyera kuti sakufuna nkhondo ndi abale awo, n'kuopseza kuti anyanyala ntchito. Mnyamata wina wa gulu lawo, Zeth Höglund, adagamulidwa kukakhala kundende chifukwa cha chikalata cholimbikitsa anyamata kukana kunyamula mfuti.

Kuyambira pa 31 Ogasiti nthumwi za mbali ziwiri zidakhala pansi mumzinda wa Karlstad, pakatikati pa malikulu awiriwo, milungu itatu yathunthu, masiku ena zinthu zikufika pothina. Norway naye adameza zowawa. Adavomera kugwetsa malinga atsopano amene adamanga m'malire, ndi kusiya dera la kumwera kwa malirewo lopanda asilikali uku ndi uku. Adapangananso za katundu wodutsa, monga chitsulo cha ku Narvik chija, za mitsinje yoyenda m'mayiko onse awiri, ndi za msipu wa ziweto za Asami, mtundu wa anthu a kumpoto kwenikweni. Pa 26 Okutobala Oscar II, nkhalamba ya zaka 76, adatula ufumu wa Norway. A ku Norway adaitana Carl, mdzukulu wa mfumu ya Denmark, amene adati sabwera pokhapokha anthu atavota kuti akumufunadi. Adavota, iye n'kulowa ufumu ndi dzina loti Haakon VII. Palibe mfuti idalira.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ine ulemu wanga waukulu ndimaupereka kwa wolandidwayo, Sweden. Womenyera ufulu amaimbiridwa nyimbo, ndipo n'koyenera. Koma amene ali ndi mphamvu zokaniza, mtima ukumuwawa, anzake akumusonkhezera, iye n'kutambasula dzanja, ameneyo kawirikawiri palibe amamuimbira. A zaka zathu tidaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene adatikakamiza mu 1953, ndipo chisanathe mu 1963, anthu adali atafa kale ku Nkhata Bay ndi kwina mu 1959. Tikudziwa mtengo umene anthu wamba amalipira wamphamvu akachedwa kumva.

Wina angati Sweden adangowerengera kuti nkhondo imudyera zambiri. Kapena n'zoona. Koma taonani zimene zidachitika patangopita zaka 16. Finland adalengeza ufulu wake pa 6 Disembala 1917, ku Russia kuli chipwirikiti. Pakati pa Sweden ndi Finland pali zilumba za Åland, zoposa 6,000, zambiri mwa izo miyala chabe. Anthu ake amalankhula Chiswidishi, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse adasaina kuti akufuna kubwerera ku Sweden. Kuonjezera apo zilumbazo zili pakhomo penipeni pa Stockholm. Kunena za chinenero, kunena za kufuna kwa anthu, Sweden adali ndi pogwira. Finland adati zilumbazo ndi mbali ya dziko lake. Mlandu udapita ku bungwe la mayiko la League of Nations, ndipo mu Juni 1921 udakomera Finland, koma womangirira mfundo zitatu: zilumbazo zizidzilamulira zokha pa nkhani zambiri, chinenero chawo chitetezedwe, ndipo pasakhale msilikali kapena linga. Woimira Sweden pa mlanduwo adali Branting yemwe uja. Adadandaula, sadabise, koma adavomera. Lero ku Mariehamn, pa zilumba zomwezo, kuli nyumba yawoyawo ya malamulo, ali ndi mbendera ndi masitampa awoawo, ndipo mbadwa za kumeneko sizikakamizidwa kulowa usilikali monga anyamata ena a ku Finland.

Norway naye idamufikira nthawi yake. Mu 1931 adadzala mbendera kum'mawa kwa Greenland, Denmark adakasuma ku bwalo la milandu la mayiko ku The Hague, ndipo mu Epulo 1933 mlandu udakomera Denmark. Norway adatsitsa mbendera. Katatu m'zaka zosakwana 30 mnansi adaluza, n'kubwerera kwawo manja ali m'thumba. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Anthu amenewa adazindikira kuti dziko silifa chifukwa choluza mlandu. Ndikamamva za mkangano wathu ndi Tanzania pa malire a nyanja, wochokera ku pangano la Britain ndi Germany la 1890, funso limene limandigwira mtima ndi lakuti, tsiku lachigamulo likadzafika, woluzayo adzakhala ndi mtima wa Branting kodi?

Musayese kuti kuyambira pamenepo zonse zidali myaa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, timatero, koma moto ukakula munthu amayamba wagwira zake. Pa 30 Novembala 1939 Soviet Union adaukira Finland. Finland adalimba miyezi itatu ndi theka m'chisanu choopsa, koma adaluza mbali yaikulu ya Karelia pamodzi ndi mzinda wa Viipuri, anthu oposa 400,000 n'kusiya nyumba zawo. Sweden sadalowe nkhondoyo, ngakhale adatumiza zida, ndalama ndi odzipereka pafupifupi 8,000, ndipo m'zaka za nkhondo mabanja ake adalandira ana a ku Finland pafupifupi 70,000. Taganizani kamwana kali pa siteshoni, kapepala ka dzina lake kali lende pakhosi, kakupita kwa anthu amene chinenero chawo sikachimva. Ambiri pobwerera adali ataiwala chinenero cha amayi awo, ndipo ena zikwi zingapo sadabwererenso.

Pa 9 Epulo 1940 Germany adalowa mu Denmark ndi Norway, china chomukoka chili doko la Narvik. Sweden adati salowerera, koma adapitiriza kugulitsa chitsulo kwa Hitler, ndipo kwa zaka zitatu adalola asilikali a Germany kukwera sitima zake popita ndi pochokera ku Norway. Zimenezi zidawapweteka a ku Norway, ndipo chilondacho chidachedwa kupola. Komabe malire omwewo ndiwo adapulumutsa othawa a ku Norway pafupifupi 50,000, ndipo mu Okutobala 1943 asodzi a ku Denmark adaolotsa Ayuda oposa 7,000 pa Øresund usiku, kuwatula ku Sweden. Finland, pofuna kubweza zake zolandidwa, adayenda ndi Germany kuyambira 1941 mpaka 1944, n'kuluzanso Petsamo, khomo lake lokhalo la ku nyanja ya Arctic. Iceland adasiyana ndi mfumu ya Denmark pa 17 Juni 1944, Denmark akadali m'manja mwa adani. Ena ku Copenhagen zidawawawa, koma Mfumu Christian X idatumiza uthenga wa mafuno abwino.

Nkhondo itatha adayesa kupanga mgwirizano wa chitetezo wa Denmark, Norway ndi Sweden, zidakanika, ndipo palibe adakakamiza mnzake. Norway, Denmark ndi Iceland adalowa NATO mu 1949. Sweden adakhala payekha. Finland adasaina pangano la ubwenzi ndi Soviet Union mu 1948, ndipo atsogoleri ake, Paasikivi ndi Kekkonen, adaphunzira kuyenda monyang'ama pafupi ndi mnansi wamkuluyo. Akunja ena ankawanena kuti ndi amantha. Koma sunga khosi, mkanda uoneke: Estonia, Latvia ndi Lithuania adamezedwa, pomwe Finland adasunga zisankho zake ndi nyumba yake ya malamulo.

Chimene adamanga m'malo mwa ufumu umodzi n'chofatsa kwambiri. Mu 1952 adakhazikitsa Nordic Council, bwalo la aphungu lopanda mphamvu yokakamiza dziko lililonse, Finland n'kulowamo mu 1955. M'zaka zomwezo adathetsa zofunsana pasipoti, ndipo kuyambira 1954 munthu ankatha kukagwira ntchito kwa anansi popanda chilolezo chapadera. A ku Finland miyandamiyanda adakalowa ntchito m'mafakitale a ku Sweden. Mafuta atapezeka ku Ekofisk mu 1969 ndipo Norway atalemera, achinyamata a ku Sweden ndiwo adayamba kukasaka ntchito ku Oslo. Ku European Union, Denmark adalowa mu 1973, Sweden ndi Finland mu 1995, Norway adakana kawiri, mu 1972 ndi mu 1994, ndipo Iceland sadalowe. Aliyense ndi njira yake, koma khomo lili chitsegulire. Mu 2000 adatsegulira mlatho pa Øresund, moti lero munthu amagona ku Skåne, dera lomwe adaphanirana lija, m'mawa n'kukwera sitima kukagwira ntchito ku Copenhagen.

Kuti muone bwino, pitani nawo m'maganizo ku mtsinje wa Torne. Malire a 1809 adadula midzi pakati, ndipo mpaka lero mayina ena ali tsidya lino ndi tsidya lija: Pello uku, Pello uko, Kukkola uku, Kukkola uko. Pa mathithi a Kukkola asodzi a mbali zonse amaima pa timilatho tamitengo n'kumavuula nsomba ndi ukonde wa pa mtengo wautali, monga ankachitira makolo awo. Kumatsiriro a mtsinjewo kuli Tornio wa Finland ndi Haparanda wa Sweden, mizinda iwiri yokhala ngati umodzi, ngakhale wotchi imasiyana ndi ola lathunthu, ndalama n'zosiyana, ndipo ngakhale njanji zawo n'zosiyana kutambalala. Mu 2020, mliri wa Covid utafika, adaikapo mpanda pakati pa mizindayo, agogo tsidya lino, adzukulu tsidya lija. Anthu adadzidzimuka poona kuti malire amene adawaiwala adali chigonere, sadafe.

Kum'mawa nkhani ndi ina. Norway ndi Russia adakambirana za malire a m'nyanja ya Barents zaka pafupifupi 40 mpaka kugwirizana mu 2010, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma Russia ataukira Ukraine mu 2022, Finland adalowa NATO mu 2023, Sweden mu 2024, ndipo chakumapeto kwa 2023 Finland adatseka zipata zonse za pamsewu za m'malire ake ndi Russia. Kuvomera kuluza kumatheka pamene nonse awiri mukulemekeza bwalo limodzi. Pamene wina akhulupirira mfuti yokha, wofatsa naye amamanga mpanda.

Tsono ndisakubisireni nyerere za mu mkuyu wokomawu. Kumpoto kwenikweni kuli Asami, amene adaliko malire onsewa asanalembedwe, ndipo lero ali m'mayiko anayi: Norway, Sweden, Finland ndi Russia. Ena a iwo moyo wawo udali kutsata ziweto zawo za reindeer, zimene nyengo yofunda zimakwera kumapiri ndi kugombe la Norway, kukazizira n'kutsikira m'nkhalango za m'kati kukafukula ndere pansi pa chipale. Chiweto sichidziwa malire. Mu 1751, polemba malire a Norway ndi Sweden, mafumu adachita chanzeru: adaonjezerapo chikalata chovomereza kuti Asami azioloka ndi ziweto zawo monga mwa kale. Koma mu 1852 malire a Norway ndi Finland adatsekedwa kwa ziwetozo, mu 1889 a Sweden ndi Finland nawonso. Ndipo Norway atadziimira payekha, pangano la 1919 lidachepetsa msipu umene Asami a ku Sweden ankadyetsa ku Norway, mabanja ambiri a ku Karesuando n'kusamutsidwa mokakamiza kupita kumwera, kutali ndi manda a makolo awo. Ana awo ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko kumene chinenero chawo chinkanyozedwa ndi kuletsedwa. Mtendere wa akuluakulu aja, ena mwa amene adaulipira sadakhale nawo pa zokambirana. Ife Achewa, amene Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'dziko la Zambia pomwe ana ake tili ku Malawi ndi ku Mozambique komwe, sitifunika wotifotokozera za mtundu umodzi wodulidwa ndi mizere ya pamapu.

Asami adadzuka pa nkhani ya damu la magetsi pa mtsinje wa Alta. Mu 1979 ena a iwo adakhoma hema kutsogolo kwa Storting n'kukana kudya, ndipo mu Januwale 1981 apolisi mazanamazana adanyamula anthu amene adakhala pansi m'chipale kutchinga msewu wopita kudamulo. Damu lidamangidwa ndithu, koma manyazi adaligwira dziko. Nyumba ya malamulo ya Asami idatsegulidwa ku Karasjok mu 1989, ya ku Sweden mu 1993, ya ku Finland mu 1996, ndipo mu 1997 Mfumu Harald V idapepesa poyera pa zimene boma la Norway lidawachitira.

Pepani sapoletsa chilonda. Mu Okutobala 2021 bwalo lalikulu la milandu la Norway lidagamula kuti makina opukusa magetsi ndi mphepo amene adamangidwa ku Fosen, pa msipu wa nyengo yozizira, adaphwanya ufulu wa Asami oweta ziweto kumeneko. Dziko lomwe lija lidatsitsa mbendera ku Greenland litangomva chigamulo cha ku The Hague lidatha masiku 500 makina akuzungulirabe, pa chigamulo cha bwalo lake lomwe. Zimandipweteka, chifukwa zikuonetsa kuti kugonjera mnansi wokhala ndi mbendera n'kosavuta kusiyana ndi kugonjera wamng'ono wa m'nyumba mwako. Mu Febuluwale 2023 achinyamata a Chisami, atavala zovala za makolo awo, adakhala pansi pa makomo a maunduna ku Oslo mpaka apolisi adachita kuwanyamula, ndipo pamenepo m'pamene boma lidapepesa. Mapangano adadza kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024: makinawo apitiriza kupukusa magetsi, oweta azilandira ndalama chaka ndi chaka, ndipo boma lidalonjeza kuwapezera msipu wina wa nyengo yozizira.